Kadzalidwe ndi kasamalidwe ka lemon grass pakhomo kuno ku Zomba

Lemon grass ndi udzu, ndipo zonse zomwe ndilembe apa zikuchokera pamenepo. Anthu ambiri kuno ku Zomba timangomuika pakona pa nyumba nkumamuyang'ana, kuthyolako timasamba tiwiri pakabwera chimfine, nde pakatha zaka zitatu mumapeza chitsinde chachikulu chouma pakati, masamba ofiirira atagwera mbali zonse, makoswe atamangamo, eni ake nkumati aaa mbewu yake inali yoipa. Mbewu siyoipa ayi. Udzu umafuna chakudya, umafuna madzi, umafuna kudulidwa, ndipo ukakalamba umafuna kugawidwa. Pa zinayi zimenezi ambiri timachita chimodzi chokha, chothirira, nachonso mwa apo ndi apo.

Dzina lake la sayansi ndi Cymbopogon citratus, kwawo ndi ku Asia, madera otentha a mvula yambiri monga kummwera kwa India, Sri Lanka ndi Malaysia, nchifukwa chake amakonda dzuwa ndi chinyezi koma kuzizira sagwirizana nako kwenikweni. Fungo la mandimu lija limachokera ku mafuta omwe ali mmasamba ndi mtsinde, gawo lalikulu la mafutawo amalitcha citral. Mtundu umenewu sukonda kuchita maluwa, nde musavutike kuzungulira mmashopu a mbewu kufunsa njere zake, timadzala ana ochotsa pa tsinde lalikulu mmene timachitira ndi nthochi.

Kupeza mbewu

Pemphani kwa aneba basi. Pitani kwa mayi amene ali ndi tsinde lalikulu mukati "amayi, mundigawireko ana angapo a lemon grass wanuyu", ambiri sakana, ndipo kugawako kumathandiza tsinde lawo lomwelo. Chifukwa china chotengera kwa munthu yemwe mukumudziwa nchakuti pali maudzu ena ofanana naye. Pali citronella, m'bale wake weniweni, uja amapangira mafuta othamangitsa udzudzu, amatalika kwambiri, kumunsi kwake kumakhala kofiirira ndipo fungo lake ndi lamphamvu losakoma mkamwa, ameneyo si wa tiyi. Palinso vetiva yemwe alangizi amatiuza kudzala pa akalozera, iyeyo masamba ake sanunkhira mandimu olo pang'ono. Nde thyolani tsamba, litikiteni ndi zala, nunkhizani, kenako mufunse mwiniwakeyo ngati iyeyo amamwa. Mukakhala kuti mukukaikabe, ife a ku Zomba tili ndi mwayi poti National Herbarium and Botanic Gardens ili konkuno, munda wawo uja unayamba kalekale mu 1891, ndipo kuzindikira zomera ndi ntchito yawo.

Mwana wabwino ndi wonenepa kufika chala chachikulu, wolimba mukamufinya, ndipo chofunika kwambiri akhale ndi phata pansi, pamene pamatuluka mizu paja. Timitolo tambiri ta ku msika ndi masamba okhaokha, amenewo sangamere olo muwaviike chaka chonse. Mukapeza mwana wa phata koma wopanda mizu, muimikeni mkapu ya madzi ofika masentimita 3 mpaka 5, ikani pawindo powala, madzi muzisintha pakatha masiku awiri kuti asanunkhe, mizu yoyera imayamba kuoneka pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu. Koma wochotsa pa tsinde ali ndi mizu yake kale safuna zonsezo, amangopita mdothi tsiku lomwelo. Ngati simudzala lero, mukulungeni ndi chisaka chonyowa muike pamthunzi.

Malo ake

Apa ndiye pofunika kuganiza pang'ono chifukwa Zomba si imodzi. Wokhala ku Mulunguzi kapena ku Old Naisi mmunsi mwa phiri, wokhala pamwamba pa phiri ku Chawe, ndi wokhala ku Jali kapena ku Kachulu kufupi ndi nyanja ya Chilwa, nyengo zawo ndi dothi lawo nzosiyana kutalitali.

Kuchigwa cha Chilwa kutentha kulipo kokwanira, lemon grass amakula msanga, vuto ndi dothi la makande lija lomwe limasunga madzi Januwale ndi Febuluwale yense. Udzu uwu umakonda chinyezi inde koma kukhala mmadzi osayenda ayi, phata limaola. Nde kumeneko musadzale mdzenje lotsika, unjikani mzere wokwera masentimita 20 kapena 30, musakanize manyowa ndi mchenga pang'ono, mudzale pamwamba pa mzerewo. Anthu a mmadimba mmbali mwa Likangala ndi Domasi chimodzimodzi, sankhani kumtunda kwa dimba komwe madzi safika mtsinje ukadzadza.

Mtauni muno, ku Chinamwali, Sadzi, Chikanda, Mpondabwino ndi kwina kotsetsereka, vuto ndi losiyana, madzi sakhalitsa, amathamanga nkukokolola dothi kusiya mizu pamtunda. Aliyense amene anaona mmene madzi anatsikira mmapiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa zomwe ndikunena. Pamalo otero salazani kabwalo kakang'ono, ikani miyala mbali ya kumunsi kuti dothi liziima. Ena amadzala lemon grass mumzere modula chitunda kuti agwire dothi, zimathandizadi pa kamtsetse kakang'ono ka pakhomo, koma pamtsetse weniweni musamudalire, mizu yake siipita pansi kwambiri, ntchito imeneyo ndi ya vetiva yemwe mizu yake imalowa mamita 2 kapena 3.

Pamwamba pa phiri, komwe ndi mamita opitirira 1,500, amamera ndithu koma amachedwa, ndipo Juni ndi Julayi amangoima osakula. Mudzaleni pafupi ndi khoma lomwe limaombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, khomalo limasunga kutentha komanso kutchinga mphepo.

Kulikonse komwe muli, pafunika dzuwa la maola 6 kupita mtsogolo. Pansi pa mango ayi, amatuluka woonda ndipo fungo limachepa. Pafupi ndi bulugamu ayinso, amamulanda madzi. Musamuike mmbali mwa kanjira komwe ana amathamanga chifukwa masamba ake amacheka, ali ndi timano mmbali, ndipo tsinde likakula limatambasuka pafupifupi mita yonse. Komanso poti ichi nchakumwa, kutali ndi chimbudzi, kutali ndi ngalande ya kubafa. Pafupi ndi thandala lotsukira mbale ndi pabwino ngati madzi omwe amafikapo ndi otsukuluzira, kapena otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba, koma a sopo wambiri ndi a jiki asamafikepo.

Nthawi yodzala

Disembala, mvula itakhazikika, osati mvula yoyamba ija yomwe imagwa nkudula milungu iwiri. Januwale nayenso ali bwino. Ngati muli ndi madzi odalirika mutha kudzala Seputembala kapena Okutobala, amagwira msanga chifukwa cha kutentha koma mukhala mukuthirira tsiku ndi tsiku, ndipo madzi apampopi ndi a bilu. Juni ndi Julayi musayese, anawo amangokhala duu mdothi lozizira, ena nkuola.

Kukonza dzenje ndi kudzala

Kumbani dzenje la masentimita 30 mulifupi, 30 mulitali, 30 kuya. Dothi lapamwamba lakuda ikani pambali, lisakanizeni ndi manyowa okwana theka la ndowa, bwezerani mdzenjemo mpaka lidzadze. Manyowa akhale owolerana bwino, kaya ndi a ng'ombe, a mbuzi, kompositi wa chimato kapena wa changu, zonse zili bwino. A nkhuku osawolerana ndi otentha, amaotcha mizu, asiyeni akhale kaye miyezi ingapo pamulu. Ngati mukudzala mayenje angapo, siyani masentimita 60 mpaka mita imodzi pakati pake. Pa tsiku lodzala mpatawo umaoneka ngati kuononga malo, timitengo tiwiri pakati pa bwalo, koma dikirani chaka chithe muone. Ine ndimakonda mita yathunthu chifukwa mpweya umadutsa bwino ndipo matenda a masamba amachepa.

Tsopano konzani anawo. Dulani masamba onse musiye tsinde lotalika masentimita 15 mpaka 20. Ambiri amamva chisoni apa, amafuna adzale ndi masamba ake ataliatali kuti zizioneka zamoyo, koma masambawo amangotaya madzi pomwe mizu isanagwire, nde mwanayo amauma. Masamba mwadulawo kaphikeni tiyi. Sendani makoko ouma akunja, mizu yaitali kwambiri ifupikitseni pang'ono.

Pa dzenje limodzi ikani ana 2 kapena 3, motalikirana pang'ono, kuti wina akafa ena atsale. Kuya kwake ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, amakwirira mpaka theka la tsinde poganiza kuti agwira bwino. Kwirirani phata ndi mizu basi, masentimita 5 kapena kuposerapo pang'ono, pamene masamba amayambira kugawikana pakhale pamtunda, dothi lisalowe pamtima. Tsenderani dothi ndi manja kapena chidendene kuti mwanayo aime nji, mukamukoka pang'ono asazuke. Kenako thirirani mokwanira olo kumwamba kukuoneka kuti mvula ibwera.

Phimbirani ndi udzu wouma, mapesi odula kapena masamba, koma siyani mpata wa zala zinayi kuzungulira tsinde. Chifukwa chake ndi chiswe, Zomba chiswe ndi chambiri, chimabwera kudzadya zophimbirazo nde chikapeza makoko ouma a lemon grass ali pompo chimalowerera. Kuwaza phulusa pang'ono mozungulira kumathandizako. Nkhuku nazo zimakonda kupalasa pophimbira mpaka kufukula ana, ikani nthambi za minga kapena miyala pamwamba kwa mwezi woyamba. Kumidzi komwe mbuzi amazitayirira akakolola, tchingani ndi nsungwi chifukwa nthawi ya chilimwe chobiriwira chilichonse mbuzi imalawa.

Mwezi woyamba ndi miyezi yotsatira

Masabata awiri oyamba dothi lisaume, ngati mvula yadula thirirani madzulo aliwonse. Mukaona katsamba katsopano kakutuluka pakati pomwe munadula paja, ndiye kuti wagwira. Kuyambira apo kawiri kapena katatu pa sabata nkokwanira nthawi yopanda mvula, koma kuthirira kwake kukhale kozama, theka la ndowa pa tsinde limodzi, osati kungowaza pamwamba. Pisani chala mdothi, ngati pansi pali chinyezi dikirani mawa. Madzi azipita pansi pa tsinde osati pamasamba.

Palirani ndi manja pafupi ndi tsinde, khasu limadula mizu poti ili pamtunda. Tsinde likakula limapondereza lokha udzu wina.

Za chakudya. Chomwe tikufuna kwa iye ndi masamba, nde amafuna nayitirojeni wambiri. Njira yosavuta ndi manja awiri kapena atatu a manyowa mozungulira tsinde nthawi iliyonse mwadula kwambiri. Amene mumapanga manyowa a Mbeya a chimanga, otsalawo amagwiranso ntchito apa. Ngati muli ndi feteleza wotsala, Urea kapena CAN, kachitsekerero kamodzi ka botolo la Fanta pa tsinde nkokwanira, bayani kabowo masentimita 10 kuchokera pa tsinde, thirani, kwirirani, dothi likhale lonyowa. Koma kunena zoona, ndi mmene feteleza akudulira, kumugulira lemon grass ndi kuononga ndalama, manyowa okha amakwanira.

Kudula

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Pakatha miyezi 3 kapena 4 tsinde limakhala litachita ana ambiri ndipo masamba afika mchiuno kapena kuchepera pang'ono, yambani kukolola. Wa tiyi wa tsiku ndi tsiku dulani masamba akunja ndi mpeni wakuthwa kapena sizasi, osakoka ndi manja, mudzicheka zala komanso mutha kuzula mwana yense. Valani malaya a manja aatali ngati mukulowa pakati, ena khungu limawayabwa. Mmawa mame atauma ndi nthawi yabwino, fungo limakhala lamphamvu.

Koma kuthyola timasamba titatu si kudula ayi. Tsinde lokhwima limafuna kumetedwa lonse, gwirani masamba onse pamodzi ngati mtolo, dulani ndi chikwanje chakuthwa kusiya masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pansi. Nthawi ya dzinja, kapena ngati mumathirira bwino, izi mutha kuchita pakatha miyezi 2 kapena 3 iliyonse. Tsiku lodulalo pamaoneka ngati mwaononga, apabanja akhoza kukufunsani kuti bwanji mwapha mankhwala athu, auzeni adikire sabata imodzi, masamba atsopano obiriwira amatuluka mofulumira zedi ndipo ndi omwe ali ndi fungo labwino kuposa akale aja. Tsinde losadulidwa limadzitchingira lokha dzuwa, masamba apansi amafa nkuunjikana, mkati mumakhala chinyezi ndi mdima, ndiye mobisala makoswe, ndipo komwe kuli makoswe njoka sizichedwa. Anthu ena amati lemon grass amathamangitsa njoka, ine sindingauze munthu kuti adalire zimenezo, chitsinde chosasamalidwa ndi malo abwino obisalamo.

Mukameta, pisani manja mkati muchotse makoko onse ouma ndi ana akufa, thirani manyowa, kenako bandirani pang'ono. Kubandira nkofunika chifukwa udzu uwu ukamakula umakwera, ana atsopano amatulukira pamwamba pa akale, nde patapita nthawi mumapeza mizu ili panja ikuotchedwa ndi dzuwa.

Nthawi yosameta ndi kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka Julayi. Chiperoni chikagwira, kamvula kowaza kaja ndi nkhungu yotsika mphiri, udzu umaima kukula ndipo masamba ena amasanduka ofiirira, si matenda ayi ndi kuzizira chabe, chepetsani madzi ndipo muzingothyola zomwe mukufuna kumwa. Nzomvetsa chisoni kuti nthawi imeneyi ndi yomwenso chimfine chimavuta aliyense akufuna tiyi, nchifukwa chake ndi bwino kumeta komaliza mu Epulo nkuumitsa. Kumeta kwakukulu kwa pachaka chitani kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala kukayamba kufunda ngati muli ndi madzi othirira, ngati mulibe dikirani Novembala mvula ili pafupi. Okutobala ndi mwezi wovuta, onjezerani zophimbira, ndipo amene muli kumalire ndi tchire lambulani mozungulira chifukwa masamba ouma a lemon grass amayaka msanga moto wolusa ukafika.

Akamadwala

Sadwaladwala, koma pali matenda amodzi omwe mudzawaone ndithu, dzimbiri. Masamba amachita timizere tofiirira ndipo kunsi kwa tsamba kumakhala kaufa kofiira komwe kamatsalira pa chala. Amakonda miyezi ya chinyezi, Febuluwale ndi Malichi, makamaka pa matsinde othinana. Mankhwala ake ndi chikwanje, metani, masamba odwalawo otchani musaike pa kompositi, thirani manyowa, atsopano amatuluka abwino. Musapopere mankhwala a tomato kapena a thonje pa chinthu chomwe mukamwe, chonde.

Zina ndi kungowerenga masamba. Akale akamachita chikasu onse mofanana ndi njala, thirani manyowa. Nsonga zikamauma masamba nkumapindika ndi ludzu. Akachita chikasu pomwe dothi lili lonyowa, mukakoka mwana nkuzuka mosavuta phata lili lofewa lonunkha, ndi madzi ochuluka, zulani omwe akadali olimba mukadzale pamalo okwera.

Kugawa tsinde

Pakatha zaka 2 kapena 3 tsinde limayamba kufa pakati, ana amoyo nkutsala mmbali mokha, masamba amachepa kukula olo muthire manyowa bwanji. Apa osalimbana nalo, likumbeni lonse. Chitani mu Disembala dothi lili lofewa, yambani mwameta, kumbani mozungulira ndi khasu, tembenuzani chitsinde chonsecho, ndi cholemera nde itanani achimwene akuthandizeni. Chidulenidule ndi chikwanje, chapakati chakufacho tayani ku kompositi, ana akunja onenepa ndiwo mbewu. Ngati mubwezera pamalo omwewo chotsani dothi lina muike latsopano ndi manyowa ambiri chifukwa lakalelo latheratu mphamvu. Tsinde limodzi labwino limatulutsa ana ochuluka kuposa omwe mungadzale, nde ndi nthawi yokumbukira mayi aja anakugawirani, mwina lawo linafa.

Amene muli pa lendi

Musadzale pansi kenako nkumakangana ndi alandilodi tsiku losamuka. Ndowa yakale ya malita 20, chigubu chodula kapena thumba la simenti zimakwana. Boolani mabowo angapo pansi ndi msomali wotentha, sakanizani magawo 2 a dothi, 1 la manyowa, 1 la mchenga, dzalani ana awiri. Kusiyana kwake nkwakuti mundowa madzi amatha msanga, Okutobala ndi tsiku lililonse, chakudya chimathanso msanga, ndipo mizu imadzadza ndowa pa chaka chimodzi nde kugawa kwake ndi kwa chaka ndi chaka. Ma students a ku yunivesite ku Chirunga okhala ku Chikanda, iyi ndi yanu, ndowa imakwera nawo kabaza posamuka.

Kaphikidwe

Masamba 3 mpaka 5 pa kapu imodzi, atsukeni, apindeni nkuwamanga mfundo kapena aduleni tizidutswa, afinyeni pang'ono kuti mafuta atuluke. Wiritsani madzi, ponyanimo masamba, vundikirani, phulani, dikirani mphindi 5 mpaka 10. Ambiri amabwatitsa theka la ola poto ali pululu, nyumba yonse nkununkhira bwino, osadziwa kuti chomwe chikununkhira mnyumbamo ndi chomwe chimayenera kukhala mkapu, mafuta aja amathawa ndi nthunzi. Sefani musanamwe, timaubweya ta masamba timakanda pakhosi. Jinja wosinja amagwirizana naye kwambiri, mandimu finyirani pomaliza, uchi kapena shuga mmene mukondera. Ena amaponya tsamba limodzi mu tiyi wamba wa mkaka, nayenso amakoma.

Tsinde loyera la pansi lija anthu a ku Thailand ndi Vietnam ndi lomwe amaphikira ndiwo. Potokolani mwana mmodzi wakunja, sendani, mutswanyeni ndi chipande, ponyani mumphika wa nkhuku kapena wa mlamba wa ku Chilwa, muchotse popakula. Fungo la nsomba lija limachepa.

Tsopano za mankhwala, tinene mosabisa. Anthu amamwa lemon grass pa chimfine, pakhosi pokanda, mmimba mukadzadza mpweya, kapena madzulo kuti thupi likhale mmalo, ndipo chakumwa chotentha chonunkhira chimapepukitsadi munthu. Nthawi ya Covid mu 2020 ndi 2021 anatchuka kwambiri pamodzi ndi jinja ndi masamba a bulugamu. Koma sachiza malungo. Thupi likatentha, makamaka la mwana wosakwana zaka 5 kapena mayi woyembekezera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo akayeze magazi, kuyezako ndi kwa mphindi zochepa ndipo mankhwala a malungo a LA mzipatala za boma ndi aulere. Ife tili pafupi ndi Chilwa udzudzu ndi wosasowa, masiku awiri omwe mukutaya mukumwetsa mwana tiyi ndi omwe malungo akukulira. Komanso tsinde lodzala pawindo silithamangitsa udzudzu, fungo limatuluka tsamba likatikitidwa basi, nde neti gonanimoni.

Amayi oyembekezera ndi bwino kupewa tiyi wake wamphamvu. Khanda losakwana miyezi 6 ndi bere lokha, ndipo uchi osapatsa mwana wosakwana chaka. Amene muli pa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV musasiye mankhwala anu chifukwa wina pa WhatsApp wati lemon grass amatsuka magazi, ndipo ngati mukufuna kumamwa tsiku lililonse auzeni adokotala anu kaye. Kwa munthu wamkulu wabwinobwino kapu imodzi kapena awiri patsiku ndi zokwanira. Zofukiza nthunzi mutafunda bulangete samalani nazo, ana amapsa ndi madzi otentha, ndipo mbaula isalowe nawo mchipinda chotseka, utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Kuumitsa ndi kusunga

Mukameta tsinde lonse masamba amachuluka kuposa omwe mungamwe, nde umitsani. Sankhani obiriwira opanda dzimbiri, tsukani, kutumulani madzi, dulani tizidutswa ta masentimita 2 kapena 3 akadali aawisi chifukwa akauma amavuta kudula. Yanikani pa lichero kapena pa mkeka woyera pamthunzi podutsa mphepo, pakhonde kapena mchipinda chotsegula mawindo, mopyapyala, muzitembenuza tsiku lililonse. Padzuwa ayi, amayera nkutaya fungo. Nyengo youma masiku 4 mpaka 7 amakhala atauma, nthawi ya mvula kapena ya chiperoni zimachedwa ndipo akhoza kuchita nkhungu, nchifukwa chake Epulo ndi Seputembala ndi miyezi yabwino pa ntchito imeneyi. Wouma bwino amathyoka mukamupinda, akamangopindika sanaume.

Sungani mubotolo louma lotseka bwino kapena mchitini, mkabati mopanda dzuwa, osati mjumbo pafupi ndi moto. Wouma sipuni imodzi yaikulu pa kapu ndi yokwanira. Amene mukuganiza zogulitsa, timitolo tatiwisi ndi ana odzala amayenda pakati pa aneba ndi kumsika, makamaka ana mu Disembala, koma mukafuna kulongedza mmapaketi a dzina lanu kuti alowe mmashopu akuluakulu pamafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, yambani mwafunsa kumeneko musanasindikize malebulo. Wa pakhomo mumalize mkati mwa miyezi 6 kapena kuposerapo pang'ono, muzitsegula botolo nkununkhiza, mukamva kuti fungo la mandimu latha kwatsala la udzu wouma, kathireni ku kompositi mukadule wina.